Mfuti Ikayamba Kuphonya, Musathamangire Kugula Sikopu Ina

Vutoli alenje ambiri amalidziwa. Mfuti munaiseta bwinobwino, zipolopolo zitatu zinagwa mothithikana pakati pa chandamale, ndipo munaisunga mtima uli m'malo. Patapita milungu ingapo mwaitulutsa, mwawomba, chipolopolo chagwa chikhatho chathunthu kumanzere. Mwapotokola zosetera za pa sikopu, galasi lolozera lomangidwa pamwamba pa mfuti, mwasetanso, koma ulendo wotsatira chakwera m'mwamba. Apa munthu amagamula msanga kuti sikopu ndi yachabechabe, n'kuyamba kufunsa mitengo ya ina. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma kawirikawiri sikopu imangosenza mlandu wa zinthu zimene zili pansi pake, ndipo yatsopanoyo ikamangidwa pa zogwirira zomwezo, ndi manja omwewo, matenda amabwerera.

Zogwirira sikopu, zimene ambiri amangoti mount, zili ndi mbali ziwiri: besi, kachitsulo komangidwa pamsana pa mfuti, ndi maringi amene amakumbatira thupi la sikopu. Pa mfuti zambiri zosakira, ringi ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zimatalikirana pafupifupi masentimita 10. Ringi imodzi ikasuntha ndi mamilimita 0.1 okha, komwe ndi kukhuthala kwa pepala lolembapo, chipolopolo chimasuntha masentimita 10 pa mtunda wa mamita 100. Pa mamita 200 ndi masentimita 20. Kusuntha kotere diso silingakuone, ngakhale dzanja silikumva mukagwedeza sikopu, koma n'kokwanira kuti mulase m'mimba nyama imene munailoza pamtima, n'kupita kukafera kutali ikuzunzika. N'chifukwa chake kufufuza kumayambira pa masikuluwu, osati pa magalasi.

Musanagwire chilichonse, chotsani magazini osungira zipolopolo, tsegulani bolt (chitsulo chokoka chimene chimalowetsa chipolopolo n'kutseka kumbuyo kwa mpope), yang'anani ndiponso pisani chala pomwe pamakhala chipolopolo. Zipolopolo zikhale pa tebulo lina.

Pepala la chandamale limanena zambiri

Chipolopolo chimodzi sichiuza munthu kanthu. Wombani zitatu kapena zisanu, mfuti itakhazikika pa matumba a mchenga, zonse za m'bokosi limodzi, ndipo musapotokole kalikonse pakati. Kenako onani mmene mabowo akhalira. Akamakwera motsatizana, loyamba pansi, lachiwiri pamwamba pang'ono, lachitatu pamwambanso, kawirikawiri ndi mpope wa mfuti umene ukutentha. Mipope yopyapyala ya mfuti zosakira imatentha msanga, ndipo sinapangidwire kuwomba zipolopolo khumi mondondozana. Dikirani uzizire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabowo akagawika timagulu tiwiri, awiri apa, atatu uko, ndiye kuti pali chinthu chimene chikudumpha pakati pa malo awiri, kaya ndi besi, ringi, kapena zam'kati mwa sikopu. Akamwazikana popanda dongosolo, kayikirani zipolopolo kapena wowombayo. Koma gulu likamakhala lothithikana tsiku lililonse, kungoti lero lili apa, mwezi wamawa lili pena, ganizirani za thabwa la mfuti, kapena kugunda kumene mfuti imakumana nako m'galimoto.

Za wowomba tinene mwachidule, ngakhale palibe amene amakonda kuzimva. Mfuti yomenya kwambiri paphewa imaphunzitsa thupi kudzidzimuka chipolopolo chisanatuluke. Mpatseni mnzanu wodziwa kuwomba ayese mfuti yomweyo. Gulu lake likathithikana, sikopu ilibe mlandu.

Ndipo lamulo limodzi lisasweke pa ntchito yonseyi: sinthani chinthu chimodzi, wombani, kenako musinthe china. Mukamanga masikuluwu, kusintha zipolopolo ndi kutsuka mpope tsiku limodzi, vuto likhoza kutha koma simudzadziwa chimene chinalichiritsa.

Masikuluwu

Amene amamasuka mobisa kwambiri ndi a besi, chifukwa amakhala pansi pa sikopu ndipo simungawafike osaichotsa. Anthu amamanga a maringi, amene ali poonekera, n'kumati zonse zili bwino. Chotsani sikopu, chotsani maringi, ndipo yesani besi payokha. Mukaona kadothi kakuda kapena chitsulo chonyezimira pansi pake, imasuntha, ndipo yakhala ikupekesana ndi mfuti kwa nthawi.

Pomanganso, tsukani mabowo ndi masikuluwu ndi sipiriti kuti oyilo achoke. Mfuti yatsopano imabwera ndi mafuta oteteza dzimbiri m'mabowomo, ndipo mafutawo ndi amene amamasula zinthu. Kenako pali msampha umene umagwira ngakhale akatswiri: sikuluwu yotalika mopitirira. Pa mfuti zambiri za bolt, bowo la kutsogolo kwenikweni n'losazama chifukwa pansi pake pali mpope. Sikuluwu ikagunda pansi imalimba, inu n'kumati yagwira, chonsecho besi idakali yomasuka. Njira yodziwira ndi kumanga sikuluwu imodzi yokha, kugwedeza besi, kuimasula, n'kuyesa inzake, mpaka zonse. Iliyonse iyenera kugwira besi nganganga payokha. Ina ikatalika imatulukira m'kati n'kumakhula bolt. Mukamva bolt ikulimba mutangomanga besi, chifukwa chake n'chimenecho.

Pa masikuluwu a besi dontho laling'ono la guluu wa buluu, monga Loctite 243, limathandiza. Wofiira ayi, chifukwa amafuna moto kuti amasuke. Pa masikuluwu a maringi opanga ambiri amaletsa guluu, popeza akadali wamadzi amaterera, ndipo sikuluwu imafinya kwambiri kuposa mmene chida chikusonyezera.

Kufinya kumeneku ndi tchimo la anthu akhama. Munthu akaona kuti mfuti ikuphonya amatenga kiyi n'kumanga ndi mphamvu zake zonse. Thupi la sikopu ndi paipi yopyapyala ya aluminiyamu, ndipo m'kati mwake muli kapaipi kena, kokankhidwa ndi sipuling'i, kamene kamasuntha mukamapotokola. Mukafinya kunja, kam'katiko kamakanirira. Mumapotokola chosetera makiliki anayi (kiliki ndi sitepe imodzi yolira pochipotokola), palibe chosintha. Mwawomba kawiri, mfuti yagwedeza, kenako kadumpha onse anayi nthawi imodzi. Sikopu yabwinobwino imaoneka ngati yakufa. Opanga ambiri amanena mphamvu yomangira ya ma inch-pound 15 mpaka 18 pa masikuluwu a maringi, omwe ndi pafupifupi ma Nm 1.7 mpaka 2. Ndi mphamvu yochepa modabwitsa, ya zala chabe. Tsatirani nambala ya pa pepala la maringi anu ndi la sikopu yanu, ndipo zikasiyana tengani yaing'onoyo. Samalaninso kuti inch-pound si foot-pound: yachiwiriyi ndi yaikulu kuwirikiza ka 12, ndipo sipanala ya galimoto ilibe malo pano. Kachida kotchedwa torque screwdriver, komangira masikuluwu pa mphamvu yoyezedwa, ndi chinthu chimene ine ndingagule ndisanawonjezere ndalama pa sikopu yapamwamba. Mangani mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, kuti mpata wa pakati pa theka la pamwamba ndi la pansi la ringi ukhale wofanana mbali zonse. Mpatawo ukatsekekeratu sikopu isanagwire, maringiwo ndi aakulu kapena atha.

Musaiwale masikuluwu awiri kapena atatu a pansi, amene amamanga chitsulo cha mfuti ku thabwa. Thabwa lamtengo limafufuma nyengo ya chinyezi n'kufota nyengo youma, ndipo masikuluwuwo amatsala omasuka. Ngati mfuti yanu inapangidwa kuti mpope usakhudze thabwa, lowetsani pepala pansi pa mpope n'kulikoka chakumbuyo. Likakanirira penapake, thabwa lapindika ndipo likukankha mpope. Dziwani kuti mfuti zina zinapangidwa dala kuti thabwa likhudze mpope kunsonga, choncho musathamangire kupala.

Zooneka ngati zofanana

Vuto lina limayambira pa tsiku logula. Mabesi ambiri ali ngati njanji yokhala ndi mipata momwe maringi amagwira. Njanji ya Picatinny ndi ya Weaver zimafanana kwambiri m'maso, koma sizimodzi. Ya Picatinny ili ndi muyezo wa asilikali a ku America wotchedwa MIL-STD-1913, umene unakhazikitsidwa mu 1995: mipata yake ndi yotambalala mamilimita 5.23 ndipo imatalikirana mofanana njanji yonse. Mipata ya Weaver ndi ya mamilimita 4.57, ndipo imaikidwa pomwe wopanga wafuna. Choncho ringi ya Picatinny nthawi zambiri imakana kukhala bwino pa besi ya Weaver. Mukaikakamiza imakhala mopendekeka. Ringi ya Weaver imalowa pa Picatinny, koma imatsala ndi malo oseweramo opitirira theka la milimita.

Mankhwala a malo oseweramowo ndi osavuta, koma ambiri amawachita chambuyo. Mfuti ikalira imabwerera kuphewa, pamene sikopu, chifukwa cha kulemera kwake, imafuna kutsala pomwe inali. Tikayerekeza ndi mfuti, ndiye kuti sikopu imathamangira kutsogolo. Choncho musanamange ringi pa njanji, ikankhireni kutsogolo, chakunsonga kwa mpope, mpaka kachitsulo kake kagunde khoma la mpata, ndipo muigwire choncho pomanga. Mukapanda kutero mfuti idzaikankha yokha pang'onopang'ono, ndipo chipolopolo chilichonse chidzagwa pake.

Mfuti zina zilibe besi yomangirira, zili ndi mizere yosemedwa pa chitsulo chenichenicho. Pa mfuti za .22 ndi za mpweya mumapeza ya mamilimita 11 kapena ya 3/8 inchi, ndipo izi n'zosiyana ngakhale ringi imodzi ingaoneke ngati yagwira zonse. Makampani a mfuti monga Tikka, Sako ndi CZ ali ndi miyezo yawoyawo. Gulani maringi olembedwa dzina ndi mtundu wa mfuti yanu. Chimodzimodzi kukula kwa thupi la sikopu: pali la inchi imodzi, lomwe ndi mamilimita 25.4, la 30, ndi la 34. Masikopu ena akale a ku Ulaya ndi a mamilimita 26, ndipo akalowa mu ringi ya inchi imodzi amaphwanyika mwakachetechete. Kukulunga tepi kapena chidutswa cha chitini kuti sikopu yaing'ono ikwane mu ringi yaikulu n'kungosunga vuto la mawa.

Kuti mudziwe ngati sikopu ikutsetsereka m'maringi, lembani kamzere ndi pensulo pa thupi lake, mogundiza m'mphepete mwa ringi. Wombani zipolopolo zingapo. Kamzereko kakabisika pansi pa ringi kapena kakatalikira, yankho mwalipeza. Musayankhe ndi kufinya. Tsukani mafuta m'kati mwa maringi ndi pa sikopu, onani ngati maringi awiriwo akuyang'anizana mowongoka, ndipo ngati akulumira ndi m'mphepete mokha n'kusiya zipsera, mmisiri wa mfuti akhoza kuwasalaza m'kati. Palinso maringi okhala ndi tizidutswa ta pulasitiki m'kati, monga Burris Signature, timene timadziwongola tokha. Omwewa amathandiza pamene mwapotokola mpaka pamapeto koma chipolopolo sichinafikebe pakati, chomwe ndi chizindikiro chakuti besi kapena mabowo ake sali mowongoka. Sikopu yosetedwa chakumapeto kwenikweni sigwira bwino, chifukwa sipuling'i yake imakhala itafinyika kwambiri kapena itamasuka kwambiri.

Diso ndi mutu

Pali kuphonya kwina kumene sikuchokera ku chitsulo chilichonse. Khazikani mfuti pa matumba, mtanda wa m'galasi uli pa chandamale, ndipo osaikhudza sunthani mutu pang'ono uku ndi uku. Mtanda ukamayendayenda pa chandamale, imeneyo ndi parallax. Masikopu ambiri osakira anasetedwa kufakitale kuti asakhale nayo pa mayadi 100 kapena mamita 100, ndipo a .22 pafupi ndi 50. Pa mitunda ina imakhalapo, ndipo imaonekera kwambiri mukakweza mphamvu ya sikopu yokokera chithunzi pafupi. Ngati sikopu yanu ili ndi chopotokolera cha pambali kapena cha kutsogolo, potokolani mpaka mtanda uime, osadalira manambala olembedwapo. Ngati ilibe, chitetezo chanu ndi kuika tsaya malo amodzimodzi nthawi zonse.

Apa ndi pamene maringi aatali amapweteka. Munthu wagula sikopu ya galasi lalikulu la mamilimita 56, yafuna maringi aatali kuti isagunde mpope, ndipo tsopano tsaya lake silikhalanso pa thabwa, akungogundiza chibwano. Mutu woyandama sukhala malo amodzi kawiri. Yesani chonchi: tsinzinani, kwezani mfuti paphewa monga mwa nthawi zonse, kenako tsegulani maso. Muyenera kuona bwalo lonse lowala popanda kusaka. Mukafunika kudzutsa mutu, tsitsani maringi kapena ikani chokwezera tsaya. Maringi aja okhala ndi bowo pansi loonera zolozera zachitsulo amakweza sikopu mopitirira muyeso, ndipo ine sindingawalimbikitse kwa aliyense.

Mtunda wa pakati pa diso ndi galasi nawo ndi nkhani ya magazi. Pa mfuti za .308 Winchester kapena .30-06 funani sikopu yopatsa masentimita 9 kapena kuposa, ndipo pa .375 H&H musalole yochepera 9 mpaka 10. Mtundawu umafupika pa masikopu ambiri mukakokera mpaka pamapeto, choncho ikani sikopu pa mphamvu yake yaikulu posankha pomangira. Yesaninso mutagona chafufumimba ndiponso mukuloza chokwera, chifukwa pamenepo mutu umasendera kutsogolo. Amene sikopu inam'tema pachikope amayamba kuiopa mfuti, ndipo kuphonya kwake kumachokera pamenepo.

Mtanda ukamaoneka mwachimbuuzi, potokolani galasi la kudiso mukuyang'ana khoma loyera kapena thambo, kutali ndi dzuwa, moponya diso mwachidule n'kuchotsa, mpaka uoneke wakuthwa nthawi yomweyo.

Pamene sikopu ilidi ndi mlandu

Zonsezi zikakhala bwino, iyeseni sikopuyo. Yambani ndi kudziwa makiliki ake. Yolembedwa 1/4 MOA imasuntha pafupifupi mamilimita 7 pa kiliki imodzi pa mamita 100, yolembedwa 0.1 mil kapena 1 cm imasuntha sentimita imodzi. Ambiri amasokoneza ziwirizi n'kumati sikopu siyenda. Wombani gulu pakati pa pepala lalikulu. Kwezani makiliki 20, wombani mukulozabe pakati pomwepo. Pitani kumanja 20, wombani. Tsitsani 20, wombani. Bwererani kumanzere 20. Mabowo apange bokosi la mbali zinayi zofanana, za masentimita 20 kapena pafupifupi 14.5 malinga ndi mtundu wa makiliki, ndipo omalizawo agwe pa oyamba aja. Akapanda kubwerera, zam'kati zatopa. Yesaninso gulu limodzi pa mphamvu yaing'ono ndi lina pa yaikulu. Ayenera kugwa malo amodzi. Koma kumbukirani kuti pa masikopu ambiri osakira, timizere ta pansi pa mtanda tolozera patali timakhala toona pa mphamvu imodzi yokha, kawirikawiri yaikulu kwambiri. Limenelo si vuto, ndi mmene anapangidwira.

Nthunzi ya kunja kwa galasi ndi nyengo chabe, kapena mpweya wa m'kamwa mwanu. Ya m'kati ikutanthauza kuti zotsekera zaphulika ndipo nayitirojeni kapena argon amene anaikidwamo wathawa. Imeneyo ibwerere kwa opanga, musaitsegule. Mtanda wopendekeka wokha, kapena kulira kwa kanthu m'kati mukaigwedeza, n'chimodzimodzi. Umboni wotsiriza ndi kubwereka sikopu imene mukuidziwa bwino n'kuimanga pa maringi omwewo. Gulu likakhazikika, mlandu watha.

Mfuti ya mpweya ya sipuling'i ili ndi khalidwe lakelake: imagwedeza kumbuyo kenako kutsogolo mwamphamvu, ndipo imatha kuwononga sikopu imene yakhala zaka pa mfuti yaikulu. Imafuna sikopu yopangidwira ntchitoyo ndi mount yokhala ndi kachitsulo koletsa kutsetsereka.

Mukafika pogula

Manambala aakulu pa bokosi ndi amene amagulitsa sikopu, koma si amene amapha nyama. Kuwonjezera mphamvu yokokera n'kosavuta kwa wopanga. Chodula ndi galasi loyera ndi zam'kati zosasuntha. Sikopu yotsika mtengo ya 6-24x50 (yokokera ka 6 mpaka 24, galasi la kutsogolo la mamilimita 50) yodzaza ndi timagetsi tofiira ndi tobiriwira yawononga ndalama zake pa zinthu zimene simudzagwiritsa ntchito. Pa ndalama zomwezo, 3-9x40 kapena 2-10x42 ya kampani yodziwika idzakutumikirani bwino pa usaki wamba. M'tchire lowirira ndi pa mfuti zolemera, 1-4x24 kapena 1-6x24 imakupatsani bwalo lalikulu loti muipeze nyama msanga.

Za kuwala kwa m'mamawa ndi kwa madzulo pali samu yachidule. Gawani kukula kwa galasi la kutsogolo ndi mphamvu yokokera, ndipo mupeza kukula kwa kadontho ka kuwala kofika kudiso. Galasi la 40 pa mphamvu ya 9 limapereka mamilimita 4.4, pa mphamvu ya 6 limapereka pafupifupi 6.7. Mboni ya diso la wachinyamata imatseguka pafupifupi mamilimita 7 mumdima, ndipo imachepa munthu akamakula. Ndiye kuti kukayamba kuda, kutsitsa mphamvu kumawalitsa chithunzi popanda kugula kalikonse, ndipo galasi lalikulu kwambiri limatha kupereka kuwala kumene diso la munthu wachikulire silingalandire. Kulemera nako kuwerengereni: sikopu yolemera imakoka maringi mwamphamvu mfuti ikalira.

Funsani za chitsimikizo. Makampani monga Leupold ndi Vortex amadziwika ndi kukonza kapena kusintha masikopu awo kwa moyo wonse wa chipangizocho, koma onani ngati n'zotheka kuitumiza kuchokera komwe muli. Mayina otchuka ndi amenenso akuba amakopera, choncho mtengo ukatsika mokayikitsa, tumizani nambala ya sikopuyo kwa opanga aitsimikizire. Yakale mukamagula, yang'anani zipsera zozama pomwe panali maringi. Zimasonyeza kuti inafinyidwapo.

Pa mount musaumire. Sankhani yachitsulo kapena ya aluminiyamu wolimba wosemedwa ndi makina, osati yachitsulo chosungunula chofewa, yokhala ndi masikuluwu a mutu wa Torx, wooneka ngati nyenyezi, amene satha msanga, ndiponso kachitsulo kolowa mu mpata wa njanji. Zolumikiza zikachepa, malo omasuka amachepanso. N'chifukwa chake besi ya chidutswa chimodzi, kapena maringi omangidwa mwachindunji pa mfuti, savuta kawirikawiri. Mount yochotseka msanga ndi yabwino ngati ili yapamwamba, koma iyeseni: wombani, chotsani, bwezerani, wombaninso.

Mukamaliza kumanga, simuyenera kuwononga bokosi lonse posaka pepala. Chotsani bolt, khazikani mfuti, suzumirani m'mpope mpaka chandamale cha pa mamita 25 chikhale pakati, ndipo osasuntha mfuti potokolani mpaka mtanda ufike pomwepo. Mukatero pitani pa mamita 100 ndi zipolopolo zomwe mudzasakire, chifukwa zolemera mosiyana kapena za kampani ina zimagwa pena. Dontheza kapenti pa mutu wa sikuluwu iliyonse mpaka pa chitsulo cha pambali pake, kuti ikadzatembenuka mudzaone ndi maso. Mpope wotsukidwa kumene, wa oyilo m'kati, nthawi zambiri umataya chipolopolo choyamba pambali, choncho mukatsuka wombani chimodzi kapena ziwiri musanapite kutchire. Ndipo mfuti ikagwa, kapena ikayenda ulendo wautali pa msewu wa mabampu, iwombereni pa pepala kaye mpope uli wozizira, popeza chipolopolo choyamba cha mpope wozizira ndi chimene chimapita ku nyama.